Ndinabzala mapichesi ndi maapulo mu Julayi, mvula ikadali kutali

Ku Lusaka kuno ngakhale mwana wa sukulu amadziwa kuti mtengo umabzalidwa mvula ikagwa. Boma nalonso limatsegulira nyengo yobzala mitengo pakati pa Disembala, nthaka itakhuta. Pa mango, makotapela, malalanje ndi magwafa amene timagula m'mapulasitiki akuda m'mbali mwa misewu, nzeru imeneyi ilibe cholakwa. Koma ilipo mitengo ina yoti ukaidikirira mvula ndiye kuti wachedwa nayo. Ndikunena ija imayoyola masamba kukazizira: mapichesi, maapulo, mapulamu, mphesa, nkhuyu zachizungu. Eni nazale ena amaizula mu Juni kapena mu Julayi, kuikutumula dothi lonse, n'kuigulitsa choncho mizu ili poyera, atangoikulunga ndi utuchi wonyowa kapena saka. Ukaiona koyamba sungavomere kuti muli moyo. Ine ndinabzala yotereyi mu Julayi 2022 pa puloti yathu ku Chalala, ndipo inagwira.

Amene anandilimbitsa mtima ndi apongozi anga aamuna. Kwawo ndi ku Katete, koma unyamata wawo wonse anathera pa famu ina ku Chisamba, kumene ankasamalira munda wa zipatso. Atabwera kudzationa anazungulira nyumba yonse manja ali kumbuyo, n'kupeza kuseri kulibe ngakhale mthunzi woti nkhuku ingausepo.

"Bambo, nyumba mwamanga yabwino. Nanga adzukulu angawa azidzadya mabuloko?"

Ndinawayankha kuti ndikudikira mvula.

"Dikirani ndi mango. Pichesi ndi apulo nthawi yake ndi ino, ili m'tulo. Mwana akagona pamkeka mumamunyamula kukamuika pabedi iye osadziwa. Yesani kumunyamula ali maso muone."

Nkhani yonse yagona pamenepo. Kukazizira mitengo imeneyi imataya masamba, chakudya chake n'kuchisunga m'tsinde ndi m'mizu. Popeza ilibe masamba otayira madzi, ukhoza kuizula osaipha, bola mizu isaume. Kuno nthaka siundana ngati kumaiko a chipale, ndiye ukaubzala mu Julayi mtengo umayamba kutulutsa timizu tatsopano pansi pomwe kumwamba kudakali zii. Pofika nthawi yophuka umakhala wagwirako nthaka. Mango kapena lalanje mukaliyesa zimenezi lifa, chifukwa silimagona. Ubwino wina ndi woti mitengo yotere imakhala yotsikirapo mtengo, munthu mmodzi amanyamula yambiri m'khwapa, komanso mizu umaiona ndi maso ako. M'pulasitiki mumabisala zambiri. Mtengo ukakhalitsamo mizu imazungulira n'kudzipota yokha, ndipo umadzazindikira patapita zaka mphepo itaugwetsa.

Musanaganize za dzenje, funsani dzina la mtundu wa mtengo umene mukugula. Mitengo imeneyi imawerenga kuzizira. Kuti idzuke bwino ndi kuchita maluwa, imafuna maola ambiri amene kutentha kwatsika kufika cha m'ma digiri 7. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, n'chifukwa chake Juni ndi Julayi amatiwawa m'mawa, koma kuzizira kwathu n'kochepa poyerekeza ndi kwa ku Ceres kapena ku Elgin ku South Africa, kumene kumachokera maapulo ambiri a m'masitolo. Mitundu yambiri ya maapulo imafuna maola 800 kapena kuposa. Yoteroyo kuno imakula ndithu, koma imadzuka mochedwa, nthambi zina n'kukhala zopanda kanthu, chipatso osachiona. Ine ndinatenga Anna, mtundu wochokera ku Israel umene umakhutira ndi maola 200 mpaka 300, pamodzi ndi Dorsett Golden umene unapezeka ku Bahamas. Iwiriyi imachita maluwa nthawi imodzi ndipo njuchi zimatenga mungu uku n'kupita nawo uko. Anna akakhala yekha amabala pang'ono, zipatso zake n'kukhala zazitali zowonda. Pa mapichesi napo funsani mitundu yosafuna kuzizira kwambiri. Wogulitsa akangoti "ni apulo chabe, boss," dzina osalidziwa, sungani ndalama zanu.

Ena amakopeka kutuma wachibale kuti awanyamulire mitengo pa basi kuchokera ku Johannesburg. Dziwani kuti zomera sizilowa m'dziko popanda chilolezo. Ofesi yoona za matenda a zomera ili ku Mount Makulu ku Chilanga, ndipo lamuloli si longovutitsa anthu, mizu imanyamula matenda.

Tsiku logula apongozi sanayang'ane n'komwe kutalika kwa mitengo. Ankatenga umodziumodzi, kukanda khungwa pang'ono ndi chikhadabo kuti aone ngati mkati muli mobiriwira ndi monyowa, kenako n'kumasula saka. Muzu wamoyo umapindika, wouma umathyoka kuti phwa. Ankafuna wokhala ndi timizu tating'ono tambirimbiri, osati wa muzu umodzi waukulu wodulidwa ndi khasu. Umodzi anaubweza chifukwa mizu yake inali ndi timfundo totupa, tofanana ndi tija timaona pa mizu ya matimati ndi therere. Ndi tizilombo tam'nthaka, ndipo pichesi ndi mkuyu timazikonda kwambiri. Wina anaukana chifukwa maso ake, paja pamaphukira masamba, anali atayamba kale kutseguka. Apa ndi pamene ambiri amachedwera. Amakaona mitengo ku chionetsero cha zaulimi ku Showgrounds, chimene chimatha pa Farmers' Day, Lolemba loyamba la Ogasiti, n'kuyamba kufunafuna pambuyo pake, pamene yambiri yadzuka kale. Lankhulani ndi a nazale mu Epulo kapena mu Meyi kuti akusungireni.

Kuchoka pa nazale kufika kunyumba mizu isaone dzuwa kapena mphepo. Timizu tating'onoto timauma pa mphindi zochepa chabe m'nyengo ino youma, ndipo tikauma sitidzukanso. Ife tinakulunga ndi saka yonyowa, n'kuveka pulasitiki pamwamba, n'kuika mkati mwa galimoto, osati kumbuyo kwa vani. Ngati simungathe kubzala tsiku lomwelo, kumbani kangalande pamthunzi, igonekeni mopendekeka, kwirirani mizu ndi dothi lonyowa. Imadikira choncho kwa masiku angapo popanda vuto.

Maenje tinali titakumba kale sabata yapitayo, ndipo ku Chalala kukumba si masewera. Kumwera konse kwa Lusaka kwakhala pa mwala wa laimu. Pena ukangochotsa dothi la chikhatho chimodzi piki imalira kuti ngwe, moto n'kuthetheka, koma ukasuntha phazi limodzi upeza katondo wozama woti sumufika pansi. Apongozi anatenga chitsulo chotsala pomanga, n'kumachikhoma ndi hamala apa ndi apo pabwalo ponse. Pamene chalowa mpaka kuya kwa chiuno ankaikapo mwala. Mitengo yathu siili pamzere wowongoka monga ndinajambulira papepala. Ili pomwe nthaka inalola. Tinangoonetsetsa kuti yatalikirana mamita atatu kapena anayi, yatalikira mpanda, ndipo palibe umene wayandikira sokawe.

Dzenje likhale lotambalala kuposa kuya. Athu anali pafupifupi mita imodzi m'lifupi, kuya theka la mita. Mizu yodyera imayenda cham'mbali kufupi ndi pamwamba, ndiye chidzenje chozama ngati chimbudzi n'kungodzivutitsa, ndiponso dothi likadzakhazikika mtengo umamira nalo. M'mbali mwa dzenje tinatematema ndi piki kuti musakhale mosalala, pakuti katondo akasalala ndi fosholo mizu imalephera kuboola. Munatuluka zambiri zimene omanga anakwirira: zidutswa za mabuloko, simenti youma, matabwa owola. Zonse tinachotsa. Kenako tinadzaza madzi m'dzenje lililonse n'kusiya. Limodzi m'mawa mwake linali likadali ndi madzi, kusonyeza kuti pansi pali mwala wosabooka. Pichesi sapirira kuima m'madzi ngakhale masiku ochepa, ndiye pamenepo tinaunjika dothi n'kubzala pamulu. Amene muli kumadera odikha madzi nthawi ya dzinja monga ku Kanyama, mulu ndiye njira yanu.

Ndinali nditakonza matumba a manyowa a nkhuku, poti ku Lusaka nyumba zambiri zimaweta mabuloila, ndi kathumba ka feteleza wa Compound D. Apongozi anangoti, "Zimenezo bwezani m'sitolo, bambo. M'dzenje mubwerere dothi lomwe latulukamo." Manyowa a nkhuku osawola ndi feteleza zimawotcha timizu tatsopano tikangotuluka. Komanso ukapanga dzenje lonona pakati pa katondo wolimba, mizu imangozungulira momwemo osafuna kutuluka, ndipo madzi a mvula amasonkhana momwemo. Chakudya chimaikidwa pamwamba, pambuyo pake.

Tinabzala chakumadzulo dzuwa litapepa. Kuyambira masana mizu inali m'ndowa ya madzi pamthunzi. Maola awiri mpaka asanu ndi limodzi amakwana, musaisiye masiku, mizu nayo imapuma. Mtengo uliwonse unkatuluka m'ndowa pokhapokha dzenje lake litakonzeka. Apongozi ankadula ndi sizasi yakuthwa mizu yothyoka ndi yophwanyika, kufika pabwino. Muzu wautali kuposa dzenje sankaupinda. Ankauza mnyamata wotithandiza kuti akumbe kanjira kake.

Pakati pa dzenje ankaumba kamulu ka dothi, kukatsindira ndi manja, n'kukhazika mtengo pamwamba pake, mizu n'kuiyala kutsikira mbali zonse. Kenako ankagoneka mpini wa khasu modutsa pakamwa pa dzenje. Mpiniwo ndiwo unkasonyeza pamene nthaka idzalekezere. Mukayang'anitsitsa tsinde muona pamene khungwa lasintha mtundu, pomwe dothi la ku nazale linkafika, ndipo pamenepo pafanane ndi mpini. Chapamwamba pake pali mfundo yokhota, pomwe anamezanitsira. Mfundo imeneyi ikhale pamtunda, zala zinayi kapena kuposa. Mukaikwirira ikhoza kuwola, kapena mtengo wapamwamba umatulutsa mizu yakeyake n'kutaya ubwino wa tsinde lapansi. Ankatembenuzanso mtengo kuti chilonda cha pamfundopo chiyang'ane kumwera, chifukwa miyezi imeneyi dzuwa limadutsa chakumpoto.

Dothi ankathira ndi manja, kulifikisa kuti lisakhale ndi zibuma, uku ine ndikugwedeza mtengo pang'onopang'ono kuti lilowe pakati pa mizu. Dzenje litafika theka tinathira ndowa ya madzi n'kudikira alowe. Madzi ndiwo amatseka timipata ta mpweya bwino kuposa phazi. Titadzaza anangoponda mopepuka ndi chidendene kuzungulira, n'kuumba kamkombero kosunga madzi, n'kuthiranso ndowa ina.

Chimene chinatsatira chinatsala pang'ono kuyambitsa mlandu pakhomo. Apongozi anatenga sizasi n'kudula mtengo uliwonse pakati pa bondo ndi chiuno, cha m'ma sentimita 70 kapena 80, pamwamba penipeni pa diso. Mitengo yomwe inali yotalika kuposa ine inasanduka tizitsa. Mayi a kunyumba anatuluka m'khichini chipande chili m'manja.

"Atate! Ndalama zathu mukudula zimenezo!"

"Mwana wanga, pozula anasiya mizu yambiri ku nazale. Yatsalayi ingadyetse mutu wonsewu?"

Anali kunena zoona. Mtengo wosadulidwa umatulutsa masamba ochuluka kuposa amene mizu yotsalayo ingamwetse, ndipo kutentha kukabwera umauma kuyambira kunsonga. Kudula kumachititsanso kuti nthambi ziyambire pansi, mtengo ukhale waufupi woti ukuthyola utaima. Atatha anapaka matsinde penti yoyera ya madzi, yosungunula theka ndi theka, kuti khungwa lisapse ndi dzuwa poti panalibe tsamba lophimba. Aneba athu anasuzumira pampanda n'kufunsa ngati tayamba kubzala nkhuni. Sindinawayankhe, nanenso mtima unali m'mwamba.

Masabata oyamba vuto ndi kuthirira mopitirira. Mtengo wopanda masamba sumwa kwenikweni, ndipo dothi lozizira likakhala chinyowere mizu imawola. Ndowa imodzi ya malita 20 pa sabata inkakwana. Ndinkapisa chala m'dothi mpaka chonse chilowe, ndikamva chinyezi n'kusiya.

Chakumayambiriro kwa Ogasiti maso anatupa, timasamba n'kutuluka, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ambiri amatayira mitengo pamenepa. Masamba oyambawo asakunamizeni. Amatuluka ndi chakudya chimene mtengo unasunga m'tsinde, ngakhale mizu isanagwire. Nthambi ya pichesi yongozika pansi yopanda muzu nayo imaphuka. Mayeso enieni amabwera ndi mphepo youma ya Ogasiti, kenako dzuwa la Sepitembala ndi Okutobala, pamene mvula yomaliza inagwa mu Epulo ndipo yoyamba ikudikiridwa mu Novembala. Mnzanga wina wa kumpingo anagula limodzi nafe. Yake inaphuka bwino kuposa yanga, mpaka ankatumiza zithunzi pa WhatsApp. Mu Okutobala kunagwa maliro kumudzi, anakakhalitsa, ndipo mwana amene anamusiyira ntchito ankangowaza madzi pamwamba ndi payipi. Pobwera anapeza masamba ali gwa, ouma ali pamtengo pomwepo.

Kuwaza n'kosathandiza. Kukatentha ndinkathira ndowa yathunthu, pena ziwiri, kawiri kapena katatu pa sabata, pang'onopang'ono kuti madzi atsike kumene kuli mizu. Pamwamba ndinayala udzu wouma wochindikala, kuzungulira mita yonse, koma kusiya mpata wa chikhatho kuzungulira tsinde. Choncho musanagule mtengo wotere dzifunseni za madzi a mu Okutobala. Ngati pakhomo panu madzi amavuta miyezi imeneyo, gulani iwiri yokha yoti muikwanitse, kapena dikirani dzinja mubzale ya m'pulasitiki. Si manyazi.

Chaka cha 2024 chinatiyesa tonse. Mvula inadula pakati, a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, madzi ku Kariba anatsika, magetsi n'kumazima nthawi yaitali. Magetsi akazima pampu siitunga, thanki n'kuuma. Mitengo yanga inali ndi zaka ziwiri, mizu itapita patali, komabe inafunika thandizo. Tinkasunga madzi otsukuluzira zovala ndi osambira, kupatula a Jik ndi a sopo wambiri. Ndinakwiriranso mabotolo a malita asanu oboola tating'ono kunsi, awiri pa mtengo uliwonse, kuti madzi azidontha pansi osauluka ndi dzuwa. Zipatso zambiri ndinathothola zikadali zazing'ono kuti mitengo isalemedwe.

Za chiswe anthu amafunsa kwambiri, poti udzu wophimbira umachiitana. Chimabweradi. Chimene ndaona n'choti chimayamba ndi zouma, ndipo mtengo wamoyo chimaugwira makamaka ukafooka ndi ludzu kapena ukakhala ndi bala. N'chifukwa chake udzu usakhudze tsinde, matabwa okwiririka achotsedwe, ndipo ngati mukufuna chochirikiza musazike mtengo wouma pambali pake. Yanga sinafune chochirikiza chilichonse popeza inali yodulidwa. M'mawa uliwonse ndinkayang'ana patsinde, ndikaona kanjira ka dothi kakukwera ndinkakafafaniza ndi chala n'kukankhira udzu patali. Ena amathira phulusa. Lochepa lilibe vuto, koma lambiri pa nthaka yathu ya laimu limawonjezera vuto lina.

Vuto lake ndi ili. Pa pichesi wina masamba anthete anayamba kutuluka achikasu, mitsempha yokha ili yobiriwira. Si njala ya feteleza wamba. Nthaka ikachuluka laimu mtengo umalephera kutenga ayironi, chakudya chimene chimathandiza masamba kubiriwira, ngakhale ali momwemo. Madzi athu a m'zitsime zokumba nawonso ndi a laimu, umboni wake ndi zoyera zija zimamatira m'ketulo. Chinathandiza ndi ndowe za ng'ombe zowolerana bwino ndi masamba owola, zoyala pamwamba chaka ndi chaka, komanso mankhwala a ayironi amene amapezeka m'masitolo a zaulimi. Amene mukufuna kubzala yambiri, pitani ndi dothi ku Mount Makulu akaliyeze musanawononge ndalama.

Mvula itayamba ndinagumula kamkombero kaja kuti madzi asamaime patsinde, ndipo apo m'pamene Compound D anatuluka m'sitolo: dzanja limodzi pa mtengo, kuwaza mozungulira kutali ndi tsinde. Mphukira zonse zotuluka kunsi kwa mfundo yomezanitsira ndinkazithyola zikadali zanthete. Zimakula mwamphamvu kuposa zapamwamba, ndipo ukazilekerera zimalanda mtengo wonse n'kukupatsa zipatso zachabechabe. Maluwa a chaka choyamba ndinawachotsa onse, ngakhale ana anadandaula.

Pali kanthu kena kamene apongozi anandiuza pa foni chaka chotsatira. Poti kuzizira kwathu n'koperewera, maapulo ena amafika Juni masamba akadali pomwepo. Amati ndichepetse madzi mu Meyi, ndipo masamba akakanirira ndiwapulule ndi manja. Mtengo ukatero umagona mokwanira n'kudzuka wonse pamodzi, maluwa n'kuchuluka.

Mapichesi akayamba kubala mudzakumana ndi ntchentche za zipatso, zomwe zija zimaika mphutsi m'mango ndi m'magwafa. Kunja chipatso chimaoneka chabwino, ukachibenthula mkati muli nyakanyaka. Ine ndimapatulira zipatso zikadali zazing'ono, kusiya mpata wa chikhatho pakati pake, zotsalazo n'kuziveka timapepala tomanga kukamwa. Zakugwa pansi ndimatola tsiku lomwelo, kuzimanga m'pulasitiki wakuda n'kuziika padzuwa kuti mphutsi zife zisanalowe m'nthaka. Maapulo a Anna kwathu amapsa chakumapeto kwa chaka, mvula itayamba. Athyoleni akangofiira mbali imodzi, akadali olimba, ndipo musawasunge nthawi yaitali kunja kwa filiji, pakuti amafewa msanga n'kukhala aufa mkamwa.